Panelo ya alamu ya moto ikuzima masana aliwonse, vuto ndi mabatire a 7Ah kapena ndi chani?

Yami Mufakose: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndithandizeni nzeru pano. Andiitana ku hositelo ina ya ana a ku yunivesite cha ku Mount Pleasant ku Harare, nyumba ya nsanjika zitatu, ili ndi panelo ya alamu ya moto ya mazoni 8. Mkatimo muli mabatire awiri a 12V 7Ah (Ah ndi muyezo wa moto umene batire limasunga) ndipo si akale ayi anagula chaka chomwe chino. Koma magetsi akangothima mmamawa, pofika cha mma 2 masana panelo yayamba kulira kuti batire latsika, dzuwa likamalowa nkuti itazimiratu zii. Mwini nyumba akuti ndingoikamo mabatire akuluakulu nkhani ithe koma ine ndawerengera ndikupeza kuti 7Ah imayenera kukwana mpaka kutsalako nde mutu waima

aPhiri Highfield: Taponya masamu akowo pano mphwanga tione kaye tisanayambe kunamizira mabatire

Yami Mufakose: Kabuku ka panelo kakuti ikangokhala phee imadya 80mA. Maditekita a utsi alipo 40, iliyonse 0.05mA, onse pamodzi 2mA. Timabatani tofiira ta pakhoma tija sitidya kanthu mpaka munthu atadina. Nde 82mA kuchulukitsa ndi maola 24 ikubwera 1.97Ah. Masayirini alipo 16 okhala ndi getsi lophethira, 40mA iliyonse, ndi 0.64A, akalira theka la ola ndi 0.32Ah. Zonse sizikufika ndi 3Ah yomwe

Gift Epworth: Komanso mabatirewo si awiri, 7 ndi 7 ndi 14Ah, imeneyo imayenera kukhala sabata yathunthu osathima

Nabanda: Ayi achimwene aGift pamenepo tisasokoneze. Mabatire a mu panelo amalumikizidwa motsatizana, pulasi ya ili kupita ku mayinasi ya linzake, kuti 12V ndi 12V zipange 24V. Chimene chakwera ndi voteji yokha, ma Ah ndi 7 omwewo. Anthu ambiri amagwa pomwepa ndipo amalemba 14 pa kotesheni kasitomala nkumasangalala.

Nabanda: Yami masamu akowo njira yake ndi yomweyo koma akusowa zinthu ziwiri. Mu BS 5839-1, malamulo a ku Britain a ma alamu a moto amene ambiri kuno timatsatira, kawerengedwe kake ndi aka: 1.25 x (T1 x I1 + D x I2 ÷ 2). T1 ndi maola amene panelo ikuyenera kukhala pa batire, nyumba yogona anthu ngati imeneyo ndi 24. I1 ndi kalenti imene ikudya ili phee. I2 ndi kalenti imene ikudya masayirini onse akulira, ndipo kugawa ndi 2 kuja ndiye mphindi 30 zija. 1.25 ndi ya ukalamba, batire likakhala zaka silisunganso moto ngati lili latsopano. D ndi 1.75 ngati I2 ikuposa ma Ah amene wapezawo utawagawa ndi 20, ikakhala yochepera pamenepo D ndi 1

Gift Epworth: D yo ndi ya chani achemwali, sakungofuna tigule mabatire akulu?

Nabanda: Ayi. 7Ah yolembedwa pa batire ija anayeza akulikoka pang'onopang'ono kwa maola 20, ndiye kuti 0.35A basi. Ukalikoka mwamphamvu kuposa apo silikupatsa 7 yonse, voteji imagwa msanga. Masayirini akayamba kulira ndi nthawi imene ukulikoka mwamphamvu, ndipo nkuti litatopa kale ndi maola 24 aja

Chiko Joburg: Kuno ku Johannesburg timayendera malamulo a SANS 10139 koma anachokera ku BS yomweyo nde masamu ake ndi ofanana. Chenjezo langa ndi pa timapepala towerengera timene anthu amatenga pa intaneti, tambiri ndi ta ku America totsatira malamulo a NFPA 72. Kumeneko ndi maola 24 kenako kulira mphindi 5 zokha, kapena 15 ikakhala ya masipika olankhula. Ukatenga kameneko nkuwerengera nyumba imene inapangidwa pa BS upeza nambala yaing'ono nkumaona ngati zili bwino

aPhiri Highfield: Zonsezo nzoona koma ngakhale uike 1.25 ndi 1.75 pa manambala a Yami sizifika 4Ah. Ndiye kuti bodza lili pa 82mA. Kabuku kamanena za panelo yochokera mu katoni, sikadziwa zimene anthu anadzapachikapo pambuyo pake. Mphwanga mawa upite ndi mita yako yoyezera kalenti. Uike waya wofiira pa bowo la 10A, uchotse kawaya kamene kamalumikiza mabatire awiri aja pakati, mita ilowe mmalo mwa kawayako, ukatero thimitsa buleka ya panelo. Nambala imene uone ndiye I1 yeniyeni. Kenako uuze ana onse ndi mlonda kuti tikuyesa, dina kabatani kamodzi masayirini alire, uwerengenso, imeneyo ndi I2. Usayambe kuthimitsa buleka usanalumikize mita, panelo izima nkuyambanso kudzuka ukhala ukuwerenga zolakwika. Ukamaliza ubwezeretse waya wa mita pa bowo la voteji usanakhudze china chilichonse, mafyuzi a mamita amapsera pomwepo

Mayi a Tadala: Pepani ndilowerere abambo, ine si wa zamagetsi koma nkhaniyi yandikhudza. Pa kireshi yathu ku Mabvuku kabokosi kofiira kameneka kamalira tswii tswii magetsi akapita mpaka ana kulephera kugona masana. Anyamata ena anandiuza kuti angodula kawaya ka kabelu mkatimo kasiye kusokosa. Ndilole?

Nabanda: Chonde mayi musalole. Kulira kumeneko ndi panelo ikukuuzani kuti magetsi a kampani ya ZESA palibe ndili pa batire, kapena kuti batire latsika. Pali batani loletsa kabeluko, mukadina kamasiya koma getsi lachikasu limakhalabe likuyaka mpaka vuto litatha, ndi mmene zimayenera kukhalira. Akadula kawayako tsiku limene mabatire adzafe simudzadziwa, ndipo muli ndi ana ang'onoang'ono amene sangathawe okha. Tsegulitsani bokosilo muone ngati pa mabatire panalembedwa tsiku limene anaikidwa. Ngati padutsa zaka 4 asinthidwe, ndipo ndi kuthimathima kwa kunoku ambiri safika nkomwe pamenepo

Mayi a Tadala: Zikomo kwambiri, palibe chimene chinalembedwapo ndaona kale. Ndikuimbirani madzulo

Yami Mufakose: Mwadzuka bwanji. Madala aPhiri munalasa. Mita yawerenga 0.29A panelo ili phee, osati 0.082. Ndatsatira mawaya a pa 24V aux, potulukira moto wa zida zowonjezera, ndapeza kuti kampani ina imene inabwera pambuyo inalumikizapo kabokosi ka GSM kotumiza meseji kwa mwini nyumba, kakudya cha mma 50mA, komanso maginito awiri ogwira zitseko za pa masitepe kuti zizikhala zotsegula, 80mA iliyonse. Masayirini akulira mita ikuti 0.9A, maginito amasiya zitseko nthawi imeneyo

Nabanda: Eya tsopano tiwerengere ndi manambala enieni. 24 x 0.29 ndi 6.96. Mbali ya kulira 1.75 x 0.9 ÷ 2 ndi 0.79. Kuphatikiza 7.75, kuchulukitsa ndi 1.25 ikubwera 9.7Ah. Nde 7Ah inali yochepa kuyambira tsiku limene anapachika maginitowo. Saizi yotsatira pa shelefu ndi 12Ah. Koma taona ukachotsa maginito awiriwo I1 ikutsika kufika 0.13A, 24 x 0.13 ndi 3.12, kuphatikiza 0.79 ndi 3.91, kuchulukitsa 1.25 ndi 4.9Ah, 7Ah yomweyo ikukwana bwinobwino. Tizinthu tiwiri tokha tikudya kuposa panelo ndi maditekita 40 ndi GSM zonse pamodzi

Che Jafali Mbare: Salaam abale. Ine ndimagulitsa mabatirewa tsiku ndi tsiku, ndinene zoona 12Ah ndi kungotaya nthawi. Aikeni 18Ah awiri mwini nyumba agone tulo. Mmene magetsi akuvutiramu chachikulu ndi chachikulu basi

aPhiri Highfield: Che Jafali apa ndiye pamene ndimafuna tifike, chifukwa ngakhale 9.7Ah ya aNabanda sikufotokoza chifukwa chake panelo ikulira 2 koloko masana. Magetsi akapita 5 mmawa kufika 2 masana ndi maola 9 okha, 9 x 0.29 ndi 2.6Ah. Batire la 7Ah lodzadza silingagwe ndi 2.6Ah. Ndiye kuti mmawa uliwonse likuyamba ntchito lisanadzadze. Amene analemba malamulo aja ankaganiza za dziko limene magetsi amathima kamodzi pa nthawi yaitali, akabwera amakhala masiku ambiri batire nkudzadza. EN 54-4, lamulo la ku Ulaya la matchaja a mapanelo, limangofuna kuti tchaja ya panelo ibweze 80 peresenti mu maola 24, yotsalayo mu maola ena 48. Ife kuno tinaona 2019 magetsi akupita mpaka maola 18 pa tsiku, tinaonanso kumapeto kwa 2022 madzi atachepa ku damu la Kariba mpaka a Zambezi River Authority kulamula kuti makina opanga magetsi a mbali ya kuno ayambe aima. Makina opanga magetsi a Hwange 7 ndi 8 anabwera 2023 ndi 600MW zinthu zinapepukako koma kuthima sikunathe. Maola 24 otchajira aja tiwatenga kuti? Yami taona mu kabuku, tchaja ya panelo imeneyo imapereka zingati ku batire

Yami Mufakose: Akuti 400mA ndipo batire lalikulu limene akuloleza ndi 12Ah. Kumeneko masiku ano magetsi akumapita cha mma 5 mmawa kubwera cha mma 9 usiku

aPhiri Highfield: Basi werengera wekha. Maola 16 a mdima x 0.29 ndi 4.64Ah yotuluka. Maola 8 a magetsi x 0.4 ndi 3.2Ah yolowa, ndipo imeneyo ndakomera tchaja chifukwa batire la lead limafuna ulibwezere zoposa zimene unatenga, komanso likamayandikira kudzadza limalandira pang'onopang'ono. Tsiku lililonse ukutsala ndi ngongole yoposa 1.4Ah. Lolemba zili bwino, Lachiwiri zili bwino, pofika Lachisanu batire lili pansi ndipo kuyambira pamenepo likungokhalira kakang'ono kamene lalandira usiku. Zili ngati mgolo umene ukutungamo ndowa zisanu masana koma mpopi wa khonsolo ukudontha ndowa zitatu usiku, ukagula mgolo waukulu wangochedwetsa tsiku louma. 18Ah ya Che Jafali pa tchaja ya 400mA idzatenga masiku ochulukirapo kuti igwe koma idzagwa ndithu, ndipo ikagwa kuidzadzanso ndi 18 ÷ 0.4, maola 45 magetsi osathima, kupitirira apo

Che Jafali Mbare: Mmm apo ndamva madala. Ndipo zikugwirizana ndi zimene ndimaona, anthu amabweza mabatire a miyezi yochepa akuti munatigulitsa feki, ukayeza lili pa 10V kapena kutsika. Batire la lead likamakhala nthawi yaitali lisanadzadze mapuleti ake amachita ukoko wouma wa sulphate, silibwereranso ngakhale ulitchaje sabata. Nde Yami awo a 7Ah ali mmenemowo usawadalirenso ngakhale akuoneka atsopano. Ndipo posintha usinthe onse awiri, mtundu umodzi tsiku limodzi. Ukaphatikiza lakale ndi latsopano lakale limakoka linzake, limodzi limatchajidwa mopitirira lina mosakwana

Gift Epworth: Nanga osangoikamo lithium bwanji ngati timachitira pa mageti ndi ma alamu a akuba? Imatchaja msanga komanso siifa ndi kuthimathima

Chiko Joburg: Pa geti ikani, pa moto ayi aise. Panelo ya moto imayeza batire lake nthawi ndi nthawi ndipo tchaja yake inapangidwira lead, cha mma 27.3 mpaka 27.6V pa awiri, ina imasintha voteji malinga ndi kutentha. Lithium ili ndi kabodi kake mkati kamene kamangodula moto mwadzidzidzi kakaona kuti zafika pena, ndipo voteji yake siitsika pang'onopang'ono nde panelo singakuchenjeze nthawi yabwino. Ngati opanga panelo sanalembe kuti lithium ndi yololedwa ndiye kuti satifiketi ya panelo ija waiphwanya, tsiku la ngozi a inshuwalansi adzayambira pomwepo. Komanso vuto la aPhiri silichoka, tchaja ndi 400mA yomweyo kaya batire ndi la mtundu wanji

Yami Mufakose: Pa nyumbapo pali sola ndi invata ya 5kVA imene imayatsa magetsi a mmakonde ndi wifi. Ndikuganiza zoitengera kumeneko

Nabanda: Imeneyo ndiye nzeru ndipo ndi yotchipa kuposa mabatire akulu. Panelo ipatsidwe buleka yakeyake pa bodi ya invata, osagawana ndi masoketi, ilembedwe zofiira kuti ndi ya alamu ya moto asathimitse. Panelo ngati imeneyi ili phee sidya ndi 20W yomwe, invata siimva nkomwe. Koma mabatire a mkati akhalebe owerengeredwa maola 24 athunthu. Invata imazima ana akalumikiza ketulo ndi mbaula, mitambo ya Januwale ikakhala masiku atatu mabatire a sola amatsika, ndipo pena mayunitsi a mita amatha Loweruka usiku mwini nyumba ali kumudzi

Gift Epworth: Ndinamva kuti pakakhala jenereta maola amatsika kufika 6, invata si chimodzimodzi?

Nabanda: BS imalola maola 6 pakakhala jenereta yodziliza yokha magetsi akangopita. Ya chingwe yodikira mlonda adzuke siiwerengedwa. Invata ya pa nyumba ine sindiiwerengera mmenemo, ndimaitenga ngati yothandiza tchaja basi. Komanso kusiyana kwa mtengo wa 7Ah ndi kabatire kochepera apo nkochepa kwambiri, palibe chopindula. Mbali inayo ndiye yofunika kuikumbukira, amene mumagwira ma warehouse a ku Msasa, Graniteside ndi Southerton kumene amatseka Lachisanu kudzatsegula Lolemba popanda woyang'anira, kumeneko maola amatha kufika 72. Pa 0.13A yomweyi 72 x 0.13 ndi 9.36, kuphatikiza 0.79, kuchulukitsa 1.25 ndi 12.7Ah, wadutsa kale 12Ah ndipo panelo ya Yami singatchaje loposa apo, pamafunika PSU ina, chida chopereka moto ndi kutchaja, yokhala ndi bokosi lake

Yami Mufakose: Nde maginito aja ndingowachotsa pa aux eti?

Nabanda: Achoke pa mabatire a panelo. Apatse ka PSU kawokawo ka 24V kopanda batire, kadutse pa relay ya moto ya panelo, kaswitchi kamene kamadula magetsi alamu ikalira. Alamu ikalira zitseko zitsekeka, magetsi akapita zitsekekanso, ndipo chitseko cha pa masitepe chikatsekeka ndiye kuti chili pa ntchito yake yotchinga utsi

aPhiri Highfield: Apa aNabanda tisiyana pang'ono. Pa pepala nzoona. Koma ndi ana a sukulu awa, akukwera ndi ndowa za madzi, mabuku, mapoto. Chitseko chikamakhala chotseka maola 16 tsiku lililonse sabata siitha wina aika njerwa kapena chozimira moto chomwecho kuti chisatsekeke, ndalowa mmahositelo ambiri ndipo njerwa ija umaipeza yachita kusalala ndi kukankhidwa. Maginito amasiya chitseko alamu ikalira, njerwa siisiya. Ine ndikanakonda ka PSU ka maginitoko nakonso kadye ku invata, kapena kakhale ndi mabatire akeake, kuti zitseko zizikhala zotsegula mwa lamulo osati mwa njerwa

Nabanda: Ku invata ndavomera madala. Mabatire akeake ndikukayika chifukwa ndi mabatire ena awiri oti munthu aziwakumbukira, ndipo amene amaiwalika ndi omwewo. Chachikulu asakhudzenso 7Ah ya panelo

Chiko Joburg: Musanatseke nkhani, Yami unamva sayirini yomaliza ya pamwamba ikulira bwino uli pa batire? Funso langa ndi waya. 0.64A ija ngati yagawidwa pa masekiti awiri ndi 0.32A iliyonse, uonenso kuti fyuzi ya sekiti iliyonse ndi ya zingati. Waya wa kopa wa 1.5mm² ndi pafupifupi 12 ohms pa kilomita, ulendo wa mamita 120 kupita ndi kubwera ndi 240, pafupifupi 2.9 ohms, kuchulukitsa 0.32 ukutaya 0.9V yokha palibe vuto. Koma ndaonapo anthu akukokera masayirini ndi kawaya koyera ka alamu ya akuba ka 0.22mm², kameneko pa mtunda womwewo ndi cha mma 20 ohms, ukutaya 6V ndi kanthu. ZESA ilipo panelo ikutulutsa 27V sayirini ilira ndithu ndipo aliyense asayina kuti zili bwino. Batire likatsika kufika 21V kumapeto kwa waya kukufika 15V, masayirini ambiri amafuna 17 kapena 18 kupita mmwamba. Nde ana a pamwamba, amene ali kutali ndi khomo, ndi amene samva

Yami Mufakose: Pansi ndi pakati ndi waya wofiira wa moto uja wa 1.5. Pamwamba sindinatsegule siling'i koma kulira kwake kunali kofooka poyerekeza ndi pansi, ndimaganiza kuti ndi mtundu wa sayirini

aPhiri Highfield: Katsegule. Nsanjika yapamwamba nthawi zambiri imakhala yowonjezera pambuyo ndipo amakoka ndi waya amene watsala mu galimoto. Uyeze voteji pa sayirini yomaliza penipeni ikulira buleka ili yothima. Ukapeza kawaya koyera kachoke konse, si nkhani ya voteji yokha, kameneko moto ukakafika kamasungunuka nthawi yomweyo pomwe wofiira uja anapangidwa kuti apirire. Uonenso pamene pali panelo. Ngati ili mu kachipinda ka mlonda kofolera malata kopanda windo, kutentha kwa Okutobala kumadya mabatire, pamwamba pa 25 digiri ukawonjezera 10 moyo wa batire umatsika ndi theka

Yami Mufakose: Ili pa khonde la pansi pozizira bwino. Nde kotesheni ndilemba chonchi, mabatire awiri atsopano, buleka yake ku bodi ya invata, PSU ya maginito, ndi waya wa pamwamba ndikaona mawa. Mabatirewo ndilembe 7 kapena 12?

Nabanda: Masamu akuti 4.9 nde 7Ah yakwana. 12Ah panelo ikuloleza koma yeza kaye bokosi, ndi yonenepa kuposa 7 ndipo chitseko chimakana kutsekeka mmapanelo ambiri ang'onoang'ono. Ukamaliza zonse uyezenso I1 ndi I2, ulembe manambalawo ndi masamu ake mu logbook ndi pa kapepala mkati mwa chitseko cha panelo, kuti wina akadzabwera kudzapachika zake pa aux adzaone kuti malo otsala ndi angati

aPhiri Highfield: Ine ndikanaika 12 ikakwana mu bokosi, chifukwa cha masiku amene invata idzakhale itafa akudikira spare. Pa 0.13A tchaja ya 400mA ikwanitsa, 16 x 0.13 ndi 2.1Ah yotuluka, yolowa 3.2

Che Jafali Mbare: Onse awiri ndili nawo, 7 ndi 12. Ubwere ndi mita yako uyeze wekha pa kauntala, latsopano lizikhala 12.6V kupita mmwamba, ndipo uone deti ya ku fakitale pa chivindikiro osangoona kuwala kwa katoni. Ubwerenso ndi muyezo wa mkati mwa bokosi, mulitali mulifupi ndi kuya kwake. Lachisanu ndimatseka 12 koloko kupita ku Juma ndimatsegulanso cha mma 2

Yami Mufakose: Ndifika Lachinayi mmawa ndikachoka ku Mount Pleasant, ndikhala nditatsegula siling'i nde ndidziwiratu ngati ndikufunanso waya wofiira ndi mamita angati. Mayi a Tadala ngati aNabanda sapeza mpata ine Loweruka ndili cha ku Tafara, nditha kudutsa pa kireshipo ndi mita